Khofi wa Mkamwini

A Stefano anafika Lachitatu m'mawa, njinga yamoto ili matope okhaokha, ndipo atapatsidwa mpando anaukana. Anangoima pakhonde chipewa chili kumutu, maso ali pa kapu imene Vinsenti anagwira m'manja.

"Alamu, m'kapumo muli chiyani?"

"Khofi, alamu. Ndikukapatsa odwala. Ndikuthirireni wanu?"

"Ine? Ndimwe zimenezo ine? Pepani, ana anga akadali aang'ono."

Ha! Vinsenti anamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ali pachikamwini m'mudzi umenewu, kufupi ndi Mayani, sanayambe wamvapo mawu otere. Nyumba anamanga yekha, njerwa kuumba yekha, koma dothi limene nyumbayo inakhalapo linali la akuchikazi, ndipo mwini mbumba anali a Stefanowa, achimwene a mkazi wake Magadalena. Iwowa akangoti nyamukani, mkamwini amanyamula bulangete ndi khasu n'kuyang'ana njira ya kwawo. Kwawo kwa Vinsenti kunali ku Mphunzi, komwe ngakhale agalu anali atamuiwala.

Nkhaniyi inayamba zaka ziwiri m'mbuyomo, pamene Magadalena anatsala pang'ono kutisiya. Kutsegula m'mimba kosatha, mimba kutupa, zilonda m'kamwa, thupi lonse kutha. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba mpaka kutopa nawo. Magazi anayezetsa katatu konse, poti anthu anali atayamba kale kunong'onezana za matenda ena aja. Pomaliza mwana wawo Yamikani, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anamutengera kwa dokotala wina wa zam'mimba, ndipo kumeneko ndi kumene chinthucho chinapezeka ndi dzina lake, siliyaki. Dokotala anafotokoza kuti thupi la Magadalena limadana ndi tirigu. Buledi, mandasi, masikono, mabisiketi, ngakhale kafumbi ka ufa wa tirigu kotsalira pa sefa, zonsezo kwa iye n'zowononga matumbo. Chimanga, mpunga, mbatata, nyemba, zimenezo adye mmene angathere.

Vinsenti, amene anapita nawo, anali ndi funso limodzi lokha.

"Nanga khofi, adokotala?"

Dokotala anaseka. "Khofi weniweni wa mumtengo alibe tirigu, bambo. Muzingochenjera ndi wa m'mapaketi wosakaniza ndi zinazina, komanso ziwiya zimene mukukonzera." Kenako anaona kolona m'khosi mwa Magadalena, n'kutsitsa mawu. "Koma mayi, mkate wa Ukaristia nawonso ndi wa tirigu."

Mawu omalizawo Vinsenti ndi Magadalena anabwera nawo kumudzi osauza munthu. Ungayambire pati kuuza anthu kuti Ukaristia umakudwalitsa? Anangogwirizana m'nyumba kuti Magadalena asiye kulandira, ndipo kuyambira pamenepo, anzake akamanyamuka kupita kuguwa, iye ankatsala pabenchi mutu uli pansi.

Za khofi ndiye Vinsenti anabwerera ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya. Kuseri kwa nyumba, m'munsi mwa nthochi, anali ndi mitengo ya khofi makumi anayi, yochokera ku mbande zimene anabwera nazo ku esiteti komwe anagwirako ali mnyamata. Ankathyola yekha, kusenda, kuyanika, kukazinga m'phale lake losakhudza china chilichonse, n'kusinja m'kamtondo kake. Amuna anzake ankamuseka kuti mwamuna wanji wogwira munsi, iye osasamala. Magadalena, amene tiyi wopanda mandasi ankamuona ngati madzi otsukira makapu, anapeza chitonthozo mu khofi wa mwamuna wake ndi mbatata yootcha. Anachira mayi uja. Masaya anabwerera, chitenje chinayambanso kukwana kamodzi.

Ndiye chaka chino, Lenti itangoyamba, matenda aja anabweranso, ndipo anabwera mwaukali.

"Tamverani, alamu," anatero a Stefano, akadali chiimire. "Pamudzi pano tonse timadya zofanana. Chinthu chimene mlongo wanga amamwa yekha, chokonza inu nokha, mutatseka chitseko, ndi chimene chili m'manja mwanucho."

"Chitseko ndimatseka kuopa ufa wa mandasi wouluka kuchokera kwa a Elena."

"Eya, mayankho muli nawo. Mumaikamo chiyani?"

"Alamu!"

"Ndafunsa. Mwamuna wosinja yekha, wosafuna mkazi akhudze kamtondo kake, anthu aziganiza bwanji? Mwatopa naye? Mwapeza wina ku Mayani? Ine sindikufuna zambiri. Lamulungu la Kanjedza likafika mlongo wanga ali chonchi, mukumbukire njira ya ku Mphunzi."

Njinga inalira n'kupita. Vinsenti anatsala ataima, khofi atazizira m'kapu. Kanjedza anali atatsala masabata awiri ndi theka. Chinamupweteka koposa n'chakuti zenera la kuchipinda linali lotsegula, Magadalena anamva zonse, koma sanatulutse ngakhale liwu limodzi lomuikira kumbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo Vinsenti anasanduka wapolisi m'nyumba mwake momwe. Iye ankadziwa kuti m'khofi mulibe kanthu. Ndiye kuti tirigu akulowa penapake, ndipo pali dzanja limene likumulowetsa. Woyamba kumuganizira anali Elena, mng'ono wake wa Magadalena, amene nyumba yake inali moyandikana ndipo ankakazinga mandasi ogulitsa kumsika wa Mayani. Mayi ameneyu, abale, chilichonse amabwereka: sefa, chipande, mchere, moto. Komanso sanabise konse kuti malo a khofi aja amawasirira kuti abzalepo mbatatesi. Vinsenti anamanga kaulusi pa sefa kuti aone ngati ikusuntha. Anathira phulusa pakhomo la khitchini kuti aone mapazi. Ufa anaubisa m'ndowa yotsekera pansi pa bedi. Elena atabwera ndi kambale ka nkhwani kudzaona odwala, iye anakalandira ndi manja awiri, kuthokoza bwinobwino, n'kukapatsa nkhumba.

Anapita mpaka kuchigayo kukafunsa ngati pali munthu anagayitsa tirigu masiku amenewa. Wachigayo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tirigu, achimwene? Kuno? Mwadzuka bwino koma?"

Kaulusi sikanasunthe. Paphulusa pankapezeka mapazi a nkhuku basi. Magadalena ankangotherabe.

Tsopano kukayika kunatembenukira kwa iye mwini. Bwanji ngati dokotala uja analakwitsa? Bwanji ngati khofi wa chaka chatha anachita nkhungu osaoneka? Anaimbira Yamikani, Yamikani anafunsanso kuchipatala, yankho linali lomwe lija: khofi weniweni alibe tirigu, ngakhale ena amawatentha pamtima akamwa wambiri. Komabe Vinsenti anafuna kuona ndi maso ake. Osauza a Stefano kapena wina aliyense, anasiya kukazinga, n'kuyamba kumupatsa Magadalena madzi otentha ofinyira ndimu. Ankayembekeza kuti mayiyo adandaula, poti khofi ankamukonda kwabasi. Ayi ndithu, anangolandira kapu n'kumwa, maso ali kukhoma.

Masiku asanu ndi awiri anatha popanda khofi, ndipo Magadalena sanapeze bwino ngakhale pang'ono. Vinsenti atawerenga masikuwo mtima wake unadumpha ndi chisangalalo. Si khofi! Kenako anamva mkazi wake akubuula kuchimbudzi, ndipo manyazi anamugwira mpaka anakhala pansi. Munthu wanji wosangalala kuti mkazi wake akudwalabe?

Panatsala chinthu chimodzi chimene sanachilondole. Nyengo imeneyi chimanga chimakhala chili chachiwisi, ndipo anyani a m'phiri sadziwa Lamulungu. Munda ukangotsala wopanda munthu kwa ola limodzi, umaupeza atakukololera. Choncho chaka chilichonse awiriwa ankasinthana: Magadalena kupita ku Misa yoyamba, Vinsenti kutsala ndi anyani, kenako iye kupita ku yachiwiri. Ndipo Lenti ya chaka chino Magadalena anawonjeza. Tsiku ndi tsiku, wodwala choncho, ankadzikoka kupita ku Misa ya m'mamawa, atatsamira pa phewa la Elena. Pobwera sankamuyang'ana Vinsenti m'maso.

Ndi pamenepo! Elena amanyamuka ndi beseni la mandasi otentha, akuti akatuluka m'tchalitchi apitirire kumsika. Njira ndi yaitali, kuli chisanu, munthu wosowa mandasi zaka ziwiri, fungo lili pamphuno. Vinsenti anaziona zonse m'mutu mwake: kabanthu kamodzi kokha, achemwali, sikangakupheni. Anakukuta mano.

Lachisanu m'mamawa anawasiya anyamuke, n'kuwatsata chapatali m'nkhungu, munda kuusiyira anyani. Anabisala kuseri kwa mitengo ya bulugamu ngati wakuba, mame atamunyowetsa mpaka m'mawondo. Akazi awiri aja anayenda pang'onopang'ono, kupumira kawiri. Beseni silinatsike pamutu pa Elena. Nsalu yophimba mandasi siinavundukulidwe. Anafika kutchalitchi, beseni analisiya pakhonde, n'kulowa.

Vinsenti anasokonezeka. Analowa nayenso, n'kuima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Anthu anali ochepa, ambiri amayi. Misa inayenda, iye osamva ngakhale mawu amodzi, maso ali pa duku la mkazi wake. Nthawi yolandira itakwana, amayi ananyamuka benchi ndi benchi. Ndipo duku lija linanyamuka nalo.

Anafuna kufuula. Anaona Magadalena akuyenda pamzere, atagwira msana wa benchi kuti asagwe. Anaona akutambasula manja, bambo mfumu akuika kamkate koyera kaja, iye n'kukaika m'kamwa. Anaonanso china: amayi atatu a kutsogolo anatembenuza makosi kumuyang'anitsitsa mpaka atameza, kenako n'kuyang'anana.

Vinsenti anatuluka Misa isanathe. Anakamudikira pa mitengo ya khofi, poti Elena akapitirira kumsika, Magadalena ankadzera pamenepo polowa kunyumba. Mitengo inali italemedwa ndi zipatso zobiriwira, nthambi kugwera pansi. Chaka chimenecho inabereka kuposa zaka zonse.

"Mayi a Yamikani."

Magadalena anaona mathalauza onyowa ndi mame, ndipo anadziwa. Anakhala pansi pamzere pomwepo.

"Kuyambira liti?"

"Lachitatu la Phulusa."

"Tsiku ndi tsiku?"

Anagwedeza mutu movomera.

"Ine ndikumanga maulusi pa sefa! Ndikuthira phulusa pakhomo ngati wamisala! Nkhwani za mng'ono wanu ndapatsa nkhumba! Achimwene anu akunditcha wakupha pakhonde panga, inu muli pazenera, phee! Zaka makumi awiri ndi ziwiri, mayi a Yamikani, ndakulakwirani chiyani ine?"

"Simunalakwe."

"Nanga?"

Magadalena anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo anafotokoza motsitsa, akuyang'ana uku ndi uku ngati nthochi zili ndi makutu. Mu Januwale, pamaliro a khanda la kwa aneba, iye anali kophika ndi amayi anzake. Atapita kukatunga madzi n'kubwerera, anamva wina akuti, "Ena zaka ziwiri osalandira. Akuopa chiyani? Paja Ukaristia umawaotcha anthu otamba." Atamuona anakhala chete. Tsiku lomwelo mayi wina anachotsa mwana wake pamphasa imene Magadalena anakhalapo. Sabata yotsatira ku mapemphero a mphakati palibe anamupatsa dzanja. Elena ndi amene anabwera akulira kudzamuchonderera kuti, achemwali, kalapeni muyambe kulandira, anthu akukutchulani dzina loipa.

"Elena sakudziwa kuti mkatewo ndi wa tirigu?"

"Aganize bwanji zimenezo? Kwa iye ndi Thupi la Ambuye, si buledi. Pamudzi pano palibe angaziike pamodzi ziwirizo. Inenso ndinati kamkate kakang'ono choncho, Ambuye andichitira chifundo." Anakweza maso koyamba m'masabata onsewo. "Bambo a Yamikani, ndikadwala ndi khofi, ndine wodwala. Ndikadwala ndi Ukaristia, ndine mfiti. Mukudziwa zimene amawachita anthu otchulidwa dzina limenelo. Ndinaopa. Ndinamva achimwene akukunyozani, pakamwa panga panauma. Ndinakusiyani nokha, ndipo ndikudziwa kuti ndinakusiyani."

Mkwiyo wa Vinsenti sunathe, ayi, tisanamizane. Koma mantha anabwera n'kukhala pamwamba pake. Anakumbukira gogo wina wa kutsidya amene anamugwetsera nyumba ndi miyala chaka cha dzana, chifukwa cha mawu ngati omwewa. Umboni woti khofi alibe mlandu anali nawo tsopano m'manja. Akanangopita kwa a Stefano n'kunena zoona, dzina lake likanayera tsiku lomwelo. Ndipo pofika madzulo mudzi wonse ukanadziwa kuti Magadalena akalandira Ukaristia amatsegula m'mimba.

Masana omwewo anapita kwa bambo mfumu, chipewa chili m'manja, n'kunena zimene anayenera kunena zaka ziwiri zapitazo. Wansembeyo anagwira pakamwa.

"Bwanji simunabwere kalekale? Mpingo umawadziwa matendawa. Pali mkate wapadera wa anthu otere, tirigu wake ndi wochepetsetsa, maonekedwe ndi omwewo. Ndiuitanitsa, ndipo tifunsenso adokotala ake. Ndiziusunga paokha, pamzere palibe adzaone kusiyana. Pakadali pano mayi akhale kunyumba, wodwala sakakamizidwa. Ndipo Lamulungu ndifotokoza paguwa kuti anthu amvetse."

"Bambo, chonde, paguwa pokha ayi."

"Chifukwa? Choona chimamasula anthu."

"Inu mudzanena za tirigu. Iwo adzamva kuti Thupi la Ambuye limamukana. Akadzatuluka panja, mawu anu adzatsala m'tchalitchi, mkazi wanga ndiye adzapite nawo kumudzi."

Bambo mfumu anavomera kuti paguwa sadzanena.

Koma panatsala vuto, ndipo Vinsenti analiona ali m'njira. Magadalena akasiya kupita ku Misa n'kuchira, amayi atatu otembenuza makosi aja adzawerenga masiku. Anayamba kulandira, anadwala. Wasiya, wachira. Anthu a pamudzi sukulu angakhale sanapite nayo patali, koma masamu amenewo amawakhoza. Pankafunika chinthu china choti chisiyidwe tsiku lomwelo, poyera, aliyense akuona.

Loweruka anatuma uthenga kwa a Stefano. Anafika, Elena naye anabwera, aneba awiri atatu anayamba kusesa pabwalo pawo pamene panali posesa kale. Magadalena anakhala pamphasa pakhonde, osadziwa chimene mwamuna wake waitanira anthu. Vinsenti anavula chipewa.

"Alamu, ndakuitanani kuti ndipepese. Munanena zoona. Ndi khofi."

"Ehe!"

"Sindinaikemo kanthu, Mulungu akundiona. Koma dokotala uja ananena kuti odwalawa khofi asamamwe, ine ndinabisa. Ndinati mitengo yanga singadwalitse munthu. Ndi kuuma mutu kwanga kumene kwawafikitsa apa."

Magadalena anadzuka pamphasa.

"Achimwene, si choncho! Bambo a Yamikani sa..."

"Mayi a Yamikani, khalani pansi," anatero Vinsenti, ndipo anamuyang'ana mpaka mayiyo anakhala. "Musandiikire kumbuyo. Zakwana."

A Stefano anafufuma ngati finye. Analankhula nthawi yaitali, mokweza kuti osesa aja amve: za akamwini odziyesa madokotala, za amuna osinja, za mmene iwo anaonera chinthuchi kalekale. Anati mwamuna wobisa mawu a dokotala n'chitsiru, koma chitsiru chovomera chimakhululukidwa. Ku Mphunzi asapite. Koma mitengo ija, yonse, igwe lero.

"Elena, katenge nkhwangwa."

"Ayi, alamu," anatero Vinsenti. "Ndinabzala ndekha, ndidula ndekha."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sowo. A Stefano anaseka kuti onani, ngakhale podula akufuna zachizungu. Vinsenti anagwada pa mtengo woyamba, anayeza kutalika kwa bondo lake, n'kuyamba kucheka mopendeketsa, mosamala, osang'amba khungwa. Mtengo unagwa ndi zipatso zake zonse, zobiriwira, zolimba, zongotsala miyezi iwiri kuti zipse. Anapita pa wachiwiri. Pofika pa wakhumi manja anali atatuluka matuza. Pofika pa wa makumi awiri aneba anali atatopa n'kubwerera. A Stefano anapirira mpaka womaliza, atakhala pa mpando umene anaukana tsiku lija, kenako anakwera njinga yawo. Vinsenti analira, inde, analira ndithu, koma anadikira kuti njinga ifike kaye kutsidya.

Magadalena anachira. Pofika Kanjedza m'mimba munali mutaleka, pofika Pasaka anayenda yekha kupita kutchalitchi. Mkate wapadera uja unali utafika. Anaima pamzere, analandira, amayi atatu aja anatembenuza makosi, ndipo sabata yonse yotsatira anamuona akupalira mbatata ali wathanzi. Dzina loipa lija linafa lokha. M'malo mwake munabadwa lina. Ana a pamudzi akamuona Vinsenti ankafuula kuti "Adokotala a khofi!" n'kuthawa. Kumsika amuna ankamufunsa ngati ali ndi mankhwala ena oti awagawireko a akazi awo. A Stefano akakumana naye ankamumenya paphewa. "Mwaona, alamu? Mukanamva msanga." Iye ankangoti, "Ndaona, alamu."

Juni anafika ndi chisanu chake cha ku Dedza, cholowa mpaka m'mafupa. M'mawa wina Vinsenti anatsitsa kachitini kamene anakabisa kudenga. Munali khofi wa chaka chatha, wosakazinga, wokwana manja awiri. Anatulutsa phale lake, anakoleza moto, anatseka chitseko. Atangoti athire, anamva Elena akutsokomola kuseri kwa mpanda, ndipo dzanja linaima m'malere. Fungo la khofi silidziwa chitseko. Likanafika kwa Elena phale lisanatenthe n'komwe, ndipo madzulo njinga yamoto ikanakhala ili pakhomo. Anabwezera khofi m'chitini, n'kukhala akuyang'ana phale lopanda kanthu likutentha pamoto.

Magadalena anaona zonse ali pakhomo la kuchipinda. Anamugwira dzanja n'kumutsogolera kuseri kwa nyumba, kumene Vinsenti anali asanapondeko chidulire mitengo. Pa chitsa chilichonse panali mulu wa mapesi a chimanga, oikidwa mooneka ngati angotayidwa. Mayiyo anagwada n'kuvundukula mulu umodzi. M'mbali mwa chitsa munali mphukira zitatu, masamba ake ofiirira, onyezimira.

"Ndinakuonani mukuyeza bondo," anatero. "Munachitanso choncho ndi mitengo iwiri yokalamba ija, Yamikani ali ku pulayimale. Zaphuka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Elena ndinamuuza kuti mapesiwa ndikuwoletsa manyowa, mbatatesi adikire chaka chamawa."

Vinsenti anagwada nayenso, anakhudza tsamba limodzi ndi chala.

"Kuti ibereke ndi zaka ziwiri. Mapesi sangabise mtengo wofika m'chiuno."

"Ikafika m'chiuno ndidzakhala nditalandira Ukaristia zaka ziwiri, aliyense akuona, ndili bwinobwino. Pamenepo ndidzaitana achimwene pakhonde lomwelija, ndi aneba osesa aja, ndidzanene ndekha amene anandidwalitsa ndi amene ananama kuti andipulumutse."

"Mudzaopa."

"Ndidzaopa, inde. Koma ndidzanena."

Vinsenti sanadziwe ngati akhulupirire. Mayi yemweyu ndi amene anakhala chete pazenera. Anamuyang'ana nthawi yaitali, manja a mayiyo atachita mikwingwirima ndi mapesi amene anawatuta yekha mulu ndi mulu, m'mawa uliwonse Vinsenti ali kumunda. Kenako kutsidya kunamveka kulira kwa njinga yamoto ikutsika kulowera kumudzi, kaya ya a Stefano kaya ya wina, ndipo awiriwo, osauzana, anayamba kubwezera mapesi pa chitsa msangamsanga.